Mayi Sunter a ku Skelbeck ndi Mwana Amene Anatsala M'madzi

Mwezi uno a bungwe la mbiri yakale apachikanso zithunzi za Skelbeck m'holo ya mpingo, ndipo anthu akumaima patsogolo pake n'kumausa moyo kuti unali mudzi wachikondi. Chabwino, msipu unali wobiriwira, belu linkamveka mpaka kumapiri, palibe akutsutsa. Koma pa chithunzi cha tchalitchi, kumapeto kwenikweni, pali mayi wonyamula ndowa amene nkhope yake sikuoneka bwino. Amenewo ndi Mayi Tamar Sunter, ndipo m'kalata ya mpingo ino tikukumbukira moyo wawo monga unalili, osaupaka mafuta.

Tamar anabadwa m'chaka cha 1908 m'banja la a Iveson, anthu oweta nkhosa za eni. Sukulu anaisiyira panjira kuti akagwire ntchito papulazi, koma Lamlungu sankalephera ku tchalitchi cha Oswald Woyera. Akadali kamtsikana anapatsidwa ntchito yotunga madzi a ubatizo kumtsinje, ndipo nzeru yowatenthetsako m'ketulo asanawathire m'beseni anaiyamba yekha. Anthu akamamuseka ankangoti, "Mwana asayambe kudziwa Mulungu ndi kuzizira." Ntchito imeneyi anaigwira mpaka ukalamba.

Anakwatiwa ndi Enoch Sunter, woweta nkhosa, munthu wa mawu ochepa. M'nyengo yozizira ya 1931, chipale chofewa chitatseka njira, Tamar anabereka mwana wamwamuna masiku asanakwane. Kamwanako kankapuma movutikira, ndipo aliyense m'nyumbamo anaona kumene zinkalowera. Tamar anapempha kuti wina amudontheze madzi pamutu m'dzina la Utatu, pakuti mpingo umalola zimenezi mwana akakhala kayakaya. Apongozi ake anakana kwamtuwagalu. Anati ubatizo si ntchito ya akazi a m'khitchini, banja la Sunter silinabatizepo mwana ndi kapu ya tiyi, adikire wansembe. Enoch anadula m'chipale chofika m'mawondo n'kukawapeza wansembeyo, Bambo Calvert, ali patebulo kwa mwini minda, nyama ili m'mbale. Iwo anati abwera kukacha. Kunachadi, koma mwanayo anali atazizira kale m'manja mwa mayi wake.

Mwambo wa Skelbeck, mudzi wachikondi uja, unali woti mwana wosabatizidwa sayimbiridwa belu, sawerengeredwa pemphero, saikiridwa mwala. Wokumba manda anamunyamula m'kabokosi ka sopo n'kumukwirira kumpoto kwa tchalitchi, kumene dzuwa silifika, pansi pa mpanda. Tamar anali akadali pabedi. Atadzuka, chinthu choyamba chimene mpingo unafuna kwa iye chinali kukagwada kutsogolo n'kuyamika Mulungu kuti wabereka bwino, monga ankachitira akazi onse. Anagwada, anayamika, mawu ake osanjenjemera. Atatuluka anamugwira mkono wokumba manda uja mpaka anamusonyeza malowo. Mwanayo anamutcha Amos, ngakhale kuti m'mudzimo panalibe wina wolitchula dzinalo.

Mwana wina sanabwerenso. Mayi Sunter, monga tonse tinkawatchulira, anabwerera ku ndowa yawo ndi ketulo yawo, n'kumatenthetsera madzi ana a anzawo. Ambiri a inu amene mukuwerenga munabatizidwa ndi madzi ofunda chifukwa cha iwo. Ankakolopa tchalitchi, kuchapa nsalu za paguwa, kugonera odwala, ndipo apongozi awo aja atafa ziwalo anawasambitsa ndi kuwadyetsa mpaka kuwatseka maso. Loweruka lililonse akatha kukolopa ankazungulira kumpoto n'kukazula udzu pamalo amene wina aliyense ankangoona thengo. Akazi ena ankanong'onezana kuti mayiyu sakufuna kuchira.

Enoch anamwalira nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, ndipo pasanapite nthawi yaitali kunabwera nkhani ya damu. Mzinda wina wakutali unkafuna madzi, ndiye chigwa chonse chinayenera kumizidwa. Anthu analira, analemba madandaulo, kenako analandira nyumba za mipope pamtunda pano n'kukhala chete. Akampani yamadzi analonjeza kusamutsa akufa onse, koma akufa onsewo anali okhawo okhala ndi miyala. Woyang'anira ntchitoyo kumbali ya mpingo anali a Septimus Dinsdale, mkulu wa mpingo, munthu wa mawu okoma popemphera. Mayi Sunter anawapeza ali ndi anthu okumba, ndipo anawapempha modzichepetsa kuti akatha kufukula Enoch akumbenso pansi pa mpanda paja, pakuti malowo ankawadziwa ngati chikhatho chawo.

"Kumeneko kulibe manda, Mayi Sunter, ndi kudzala," anatero a Dinsdale.

"Kuli mwana wanga, bambo."

A Dinsdale anatembenukira kwa okumba aja akumwetulira. "Nanga si mwakhala mukudandaula kuti sanabatizidwe? Musiyeni, tsopano alandira madzi okwanira."

Anthu anaseka. Ena mwa osekawo ali pa zithunzi zija m'holomo, atavala zipewa zawo zabwino. Tsiku lotsatira Mayi Sunter anatenga fosholo ya malemu amuna awo n'kuyamba kukumba okha, koma mlonda wa kampani anawalanda fosholoyo n'kuwaperekeza mpaka pageti, anthu akuonerera. Mbiri inamveka kuti mutu wawo wazungulira. Tchalitchi anachigumula, madzi anakwera pang'onopang'ono, anameza mlatho, anameza sukulu, kenako manda. Lamlungu loyamba m'tchalitchi chatsopano Mayi Sunter anali atakolopa kale, ndipo pa mgonero anagwada pambali pa a Dinsdale. Wina atawafunsa kuti amatha bwanji, anati, "Tebulo si langa, ndingasankhe bwanji wodya naye?"

Kenako kunabwera chilala cha 1976. Udzu unapsa, nkhosa zinaonda, ndipo damu linaphwa mpaka Skelbeck anatulukanso, makoma okhaokha opakika matope. Abale inu, anthu anakhamukira kumeneko ngati kumsika! Magalimoto anadzaza msewu, ogulitsa ayisikilimu anafika, alendo ankazula miyala ya nyumba za eni kukakongoletsera minda yawo yamaluwa. Mayi Sunter, amene tsopano ankayendera ndodo, anapita kwa wansembe watsopano, Bambo Ormerod, mnyamata wa mtima wabwino, n'kuwafotokozera zonse kuyambira pachiyambi. Sankapemphanso zofukula. Ankangofuna kuti wansembe aime pamalopo, atchule dzina la mwanayo mokweza, anene pemphero limodzi. Bambo Ormerod anagwetsa misozi, ndipo analonjeza kuti achita zimenezo Lamlungu, mpingo wonse ukatsikira kumabwinjako kukapemphera.

Tsikulo linafika. Kunali kwaya, kunali alendo olemekezeka, kunali ojambula zithunzi, maulaliki osatha. Mayi Sunter anaima kumbuyo atavala chipewa chawo chakuda, maso ali kumpoto. Mapemphero anali opempha mvula, ndipo iwo anavomera Ameni pamodzi ndi ena onse, mokweza, pakuti ankadziwa kuti ziweto za anthu zikufa. Anthu atayamba kubalalika, Mayi Sunter anawakoka wansembe mkanjo n'kuwatsogolera kuseri kwa bwinja la tchalitchi. Mbali imeneyo inali yotsetsereka, ndipo pamalopo panali patatsala thope ndi timadzi tofika m'akakolo. Mayiwo anali atalowamo kale, nsapato zili momwemo. Bambo Ormerod anayang'ana thopelo, anayang'ana nsapato zawo, anayang'ana galimoto ya alendo imene inkawadikira kumtunda.

"Madzi akutsika tsiku ndi tsiku, mayi. Lamlungu likudzali pakhala patauma, tidzachita bwinobwino, mosathamanga."

Mayi Sunter anati zikomo, n'kutuluka m'thopemo okha. Mkati mwa sabata yomweyo mvula inagwa, ndipo inagwa mosalekeza mpaka damu linadzaza. Mudzi wonse unasangalala. Mpingo unakonza mapemphero othokoza, ndipo maluwa a paguwa tsiku limenelo anaika ndi Mayi Sunter. Bambo Ormerod anachita manyazi, anati adzapemphera ngakhale ataima m'mbali mwa damu, koma anazengereza mpaka anasamutsidwira kumzinda. Madzi sanatsikenso chotero mayiwo ali moyo.

Ukalamba wawo unali wachete. Miyendo itakana, ankakhala pawindo akusoka mapilo ogwadira a m'tchalitchi, ndipo sanamvekepo akunyoza munthu, ngakhale a Dinsdale; bambowo atamwalira, mayiwo anatumiza keke pamaliro awo. M'chaka cha 1985 anadwala masiku ochepa, analandira mgonero, nkhope yawo ili phee. Amene anakhala nawo mpaka pomaliza anali Mayi Edna Kearton, oyandikana nawo nyumba, ndipo kwa iwowo anasiya pempho limodzi lokha.

"Edna mnzanga, sindikufuna maluwa. Pamwala wanga, pansi pa dzina langa, mukalembepo kuti Amos. Aliyense wodutsa aziliwerenga, basi."

Anagona tulo masana amenewo dzuwa likuwawomba, osadzukanso. Kupirira kwawo, kukhululuka kwawo, ndi utumiki wosafuna kuthokozedwa ndi chitsanzo chimene atisiyira, ndipo pamaliro pawo tchalitchi chinadzaza mpaka kunja.

Popeza analibe achibale, mwala unagulidwa ndi mpingo. Mayi Kearton anakatula pempholo ku bungwe la mpingo, limene wapampando wake anali mwana wa a Dinsdale. Anakambirana mwaulemu, tiyi ali patebulo. Anati dzina limenelo silinamvekepo m'tchalitchi, anati alendo azifunsa mafunso, anati zinthu zakale zomvetsa chisoni si bwino kuzitukula pa manda a mayi woyera chotero. Mayi Kearton analira, anamenya tebulo, koma manja atakwezedwa anatsala okha. Abungwewo anasankha mawu amene anaona kuti ndi okoma koposa, ndipo anaonjezera ndalama kuti zilembo zikhale zagolide.

Mwalawo uli kumanja kwa geti mukamalowa, mwala wabwino zedi, wosalala. Mukatuluka m'mapemphero Lamlungu lino, musanapite kukasirira zithunzi, imani pamenepo muwerenge. Palembedwa kuti: "Tamar Sunter. Analibe mwana, koma anali mayi wa tonsefe."