Mfutso Utasanduka Chamba

Chaka changa chachiwiri ku Dubai ndinkagwira ntchito m'nyumba ina ku Al Twar: kulera ana, kuchapa, kusita, kukolopa, chilichonse chimene adona aloza ndi chala. Ndinkagona komweko, m'kachipinda koyandikana ndi makina ochapira. Tsiku lopuma linali limodzi pamwezi, ndipo likakwana sindinkafuna kumva munthu akundiitana.

Mwezi umenewo achimwene ena a kwathu, omwe ankalondera nyumba zitalizitali za ku Dubai Marina, anali atangobwera kumene kuchokera ku tchuthi. Si achibale ayi, koma mudzi wawo ndi wathu timamwa mjigo umodzi. Khalidwe lathu mukulidziwa: wina akamakwera ndege, mudzi wonse umamusenzetsa timaphukusi, iye osatsegula, osafunsa. Amayi anga anawapatsira kajumbo ka mfutso wa khwanya. Achimwenewo anandiperekera pageti Lachisanu, ine n'kukabisa pansi pa zovala m'kabati, poti adona ankadana ndi fungo la zakudya zathu. Ndinkadikira tsiku loti achoke, ndiphike mwamtendere.

Lamlungu, tsiku langa lopuma, ndinatchena, ulendo wa ku Marina kukaona malo ndi mnzanga wa ku Zambia. Tinakwera tiramu, kasitima koyenda mumsewu, tinayenda m'mbali mwa madzi muja, tinajambulitsa titatsamira chitsulo pafupi ndi maboti a anthu olemera, kuti akumudzi akaona azinena kuti zikutiyendera. Tili pakati poseka, foni inalira. Anali adona.

"Yalla, fulumira, bwera pompano!"

Anadula. Ndinatukwana chamumtima njira yonse, ndikuganiza kuti mwina mwana wasanza ndipo asowa wopukuta.

Nditalowa pabalaza ndinapeza adona ndi amuna awo akundidikira. Patebulo anayalapo nyuzipepala, ndipo pamwamba pake panali kajumbo kanga katang'ambidwa. Adona anali atavala magolovesi otsukira kuchimbudzi. Taonani nkhanza zake! Ndiwo zimene amayi anathyola, kufutsa, kuyanika pamphasa masiku angapo akuingitsa nkhuku, munthu n'kuzigwira ngati uve. Ndipo m'kabati mwangamo ankafunamo chiyani? Mpaka lero sanandiuze.

Abwana anandionetsa foni yawo. Anali atafufuza za masamba ouma a ku Malawi, ndiye foniyo inawabweretsera chamba chokhachokha, zithunzi mbwee. Dziko lathu lili ndi tiyi, lili ndi mtedza, lili ndi anthu opemphera, koma limene anasankha kukhulupirira ndi lachambalo.

Chinthu choyamba chimene tinauzidwa tikungofika kuno n'chakuti chamba si nkhani yoseka. Ngakhale kanjere kotsalira m'thumba la buluku kangathe kukulowetsa m'ndende, ukatuluka n'kukukweza ndege, osadzapondanso. Ine ndinali ndi ana awiri pasukulu kumudzi, onse akudalira manja angawa. Apolisi akanangobwera, ngakhale akanadzapeza pambuyo pake kuti ndi ndiwo, ntchito ikanakhala itatha kale.

"Ndi ndiwo izi, bwana. Masamba a nyemba," ndinatero.

Chizungu chinandithawa tsiku limenelo. Mawu akuti mfutso ungawamasulire bwanji kwa munthu amene masamba amawaona m'sitolo mokha, atazizira m'pulasitiki?

"Wabweretsa ndani?" abwana anafunsa. "Muimbire, tonse timve."

Apa mtima unakhalako pansi, poti ndinali ndi mboni. Ndinaimbira achimwene aja, ndi kuika foni patebulo.

"Achimwene, ndili pamoto kuno. Mfutso munandibweretsera uja akuti ndi chamba. Tawauzani abwanawa kuti munachita kulandira m'manja mwa amayi."



"Achemwali," anatero motsitsa mawu, "ine nkhani imeneyo sindikuidziwa."

Kenako anabwereza m'Chizungu chomveka bwino, kuti abwana asaphonye ngakhale liwu limodzi, ndipo anadula.

Ha! Munthu wamkulu, wandevu zake, wotsogolera nyimbo kutchalitchi! Munthu amene amayi anamuphera nkhuku pomutsazika! Mantha ndimawadziwa, inenso ndinali nawo, koma kumeneko si kuopa, n'kugulitsa mnzako. Chikanakhala chamba chenicheni bwenzi ndikuti chabwino, aliyense adzipulumutse. Koma khwanya? Kukana khwanya ngati wagwidwa ndi mfuti? Ndinakwiya mpaka manthawo anachoka.

Abwana anayamba kudina manambala a apolisi. Ndinawayang'ana m'maso, chinthu chimene ndinali ndisanachitepo m'nyumba imeneyo.

"Musanaimbe, ndipatseni poto."

Anayang'anana ndi akazi awo, kenako ananditsatira kukhitchini. Ndinakhuthulira mfutso wonse m'madzi ofunda. Patapita kanthawi masamba anayamba kutambasuka, ndipo ndinatola limodzi n'kuliyala pachikhatho. Ndinawauza kuti aliyerekeze ndi zithunzi za pafoni zija, aone ngati lili ndi zala ngati la chamba. Adona anakwinya mphuno, amvekere tsamba ndi tsamba basi.

"Ngati ndi chakudya, idya," anatero abwana.

Ndinaphika. Ndinkalakalaka kudzautendera mfutso umenewo, kudzathiramo tomato ndi kanyenzi, kudzadya pang'onopang'ono kuti undifikitse mwezi. M'malo mwake ndinauwiritsa m'madzi okhaokha, opanda ndi mchere womwe, poti adona anati ndisathiremo kanthu kobisa fungo. Ndinakhala pakampando ka kukhitchini n'kudya poto yense, iwo ataimirira akundiyang'ana kukamwa. Misozi inkabwera koma ndinaimeza pamodzi ndi khwanyayo. Sindinafune kuti adona aone kuti andiliza.

Nditamaliza anandiuza kuti ndisadzuke. Ola lathunthu ndinakhala pamenepo, iwo akudikira kuti mwina ndiyamba kuseka ndekha kapena kuvina. Mayi wa ana awiri, kundiyesa ngati mbuzi yodya chinangwa chowawa! Ola litakwana abwana anabweza foni m'thumba.

"Khalas, basi," anatero, n'kupita kukaonera mpira.

Kupepesa kunalibe. Adona anangondiuza kuti kuyambira tsiku limenelo m'nyumba mwawo musadzalowenso phukusi lochokera kwathu, ndipo likadzapezeka sadzafunsanso, adzangoitana apolisi. Kenako anandilozera mulu wa zovala zoti ndisite, patsiku langa lopuma. Ndinasita, ntchito ndinali ndidakali nayo.

M'mawa mwake achimwene aja anatumiza uthenga: "Pepani achemwali, za kuno mukuzidziwa." Sindinayankhe. Kutchalitchi akamatsogolera nyimbo ndimatseka pakamwa mpaka atakhala pansi.

Chovuta chinali kuimbira amayi. Ali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ndipo ndikanangotchula apolisi bwenzi atagwa pomwepo. Akanadziwanso zimene anachita achimwene aja, midzi iwiri ikanadana. Ndiye ndinasankha kuti asadziwe kalikonse. Atangomva mawu anga anayamba ndi kuseka.

"Walandira, mwanangu? Wakoma? Ndafutsanso nkhwani, ndikungodikira wina wobwera kumeneko."

"Amayi, musatumizenso."

"Bwanji? Unachita nkhungu?"

"Ayi. Musatumizenso basi. Kuno zakudya ziliko zambiri."



"Oho," anatero. "Ndamva, mayi. Pepani, sitimadziwa kuti munasiya kudya za kumudzi."

Amayi anga ondibereka kunditchula kuti mayi, kundipatsa ulemu wa mlendo! Papita zaka tsopano, ndipo aliyense wochokera ku Dubai akafika kwathu, amayi amamuuza kuti mwana wawo anayamba kunyada.