Tayimingi ya mwendo wanjala

Lachiwiri lapitali njinga yanga yamoto inandimenya theche. Inde, njinga, chitsulo chopanda mzimu, inandiwomba kuphazi ine n'kukagwera m'nandolo za mkazi wanga, miyendo m'mwamba. Sekani, inenso ndinaseka. Masiku ano m'mimba mukakhala mopanda kanthu, mutu umapepuka ndipo munthu umangoseka zilizonse.

Kwathu kuno kufupi ndi Nsanama ufa unatha kalekale, ana akugonera mango aawisi owiritsa. M'mawa wa tsikulo mlamu wanga Che Dauda, msodzi wa ku Chiuta, anatulukira ndi thumba la matemba ouma komanso nkhani yabwino. Ku Balaka kwafika munthu wa chimanga amene akulola kusinthanitsa ndi nsomba, koma chimangacho sichiona dzuwa la mawa. Wapansi sitikanafika. Matola akanadya theka la matembawo. Maso onse anatembenukira ku njinga yanga, yomwe inali itagona pakhonde kuyambira mvula yoyamba.

Njingayi ndi yakale kuposa ukwati wanga, ya mapoyinti. Kwa inu achinyamata: mukatsekula kachivundikiro m'mbali mwa injini, mumapeza tizitsulo tiwiri totseka ndi kutsekula ngati mlomo wa mwanapiye. Tikangolekana, moto umathetheka ku pulagi. Luso lonse lagona pa kudziwa nthawi yoti tilekane, ndipo imeneyo ndiyo tayimingi. Pa gudumu la injini pali kachizindikiro. Umazunguza injini pang'onopang'ono ndi sipanala, ndipo chizindikirocho chikalunjika pamzere wake, kamlomo kaja kayambe kuyasama.

Diso silingaone zimenezo, koma wailesi imamva. Umayatsa kiyi wa njinga, n'kuika wailesi pamalo popanda siteshoni pomwe imangoti waaa, ndipo mapoyinti akalekana imati tche!

Ndiye tangoganizani. Amuna awiri a ndevu zawo agwada pafumbi, wina wagwira sipanala, wina wakumbatira wailesi pakhutu kumvetsera mphepo. Mayi wina wodutsa ndi nkhuni anaima n'kufunsa ngati akulengeza za chimanga cha boma.

"Iyayi amayi," anatero Che Dauda. "Tikumvera njinga."

Mayiyo anapukusa mutu n'kumapita. Ndikhulupirira pofika madzulo mudzi wonse unali utamva kuti njala yatipengetsa.

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndinasuntha mbale ya mapoyinti, kumanga timasikuluu take, kumasula, mpaka wailesi inati tche ndendende pamzere. Ntchito yoyera, yomwe ndaichita zaka zambiri osaphonya. Ndinapukuta m'manja monyada, ndinakwera, ndinaponda kiki yolizira injini. Za m'nandolo zija ndakuuzani kale.

Che Dauda anati ndiwapatse mpata, popeza mwendo wa msodzi ndi wina. Anatchula dzina la Mulungu, anaponda, ndipo njinga sinasankhe chipembedzo. Kofia yawo inachoka kumutu n'kugwera uko, iwo akudumpha ndi mwendo umodzi kuzungulira nkhokwe yathu yopanda kanthu. Ndinaseka mpaka misozi, koma mumtima ndinali ndi mantha enieni, chifukwa dzuwa linali likukwera ndipo chimanga ku Balaka chinali chikutha.

Mkazi wanga, Abiti Sumani, anali pamkeka akusenda mango. Za injini sadziwa ndipo safuna kudziwa, koma pakamwa pake m'pakuthwa.

"Njingayo ilibe mlandu," anatero osadzutsa mutu. "Ikudikira mwamuna wa chaka chatha. Uja ankadya katatu. Inu awiri ikukuonani achilendo."

Iye ankangondinyogodola, koma ine ndinakhala pansi n'kuyamba kuganiza. Pamzere paja moto umathetheka pisitoni, chitsulo chokwera ndi kutsika m'kati mwa injini, isanafike pamwamba penipeni. Mwendo wamphamvu umaiponya ndi liwiro, imadutsa pamwambapo, moto n'kuikankhira kutsogolo. Mwendo wa mango umaikweza mozengereza, moto umaipeza ikadali panjira n'kuibweza komwe yachokera, kiki n'kukumenya. Tayimingi inali yolondola ndithu, koma inali ya munthu wokhuta.

Ndinamasula timasikuluu tija n'kusuntha mbale ya mapoyinti pang'ono chabe, kutsata komwe injini imazungulira. Tsopano wailesi inkati tche chizindikiro chitadutsa kale pamzere. Makaniko aliyense akanandilanda sipanala.

"Alamu, si mwaononga apa?"

"Ndaichedwetsa kuti itidikire."

Ndinaponda ndi mwendo wanga womwewo wofookawo. Inatsokomola, inaganiza kaye, kenaka inalira. Che Dauda anavina ndi wailesi m'manja, kuphazi kotupa ataiwala.

Ulendo wake sunali wonyaditsa. Njinga yochedwa moto ndi yaulesi, pachitunda imadandaula, ndipo injini imatentha moti ukhoza kuwotcherapo matemba. Pa Liwonde tinaima kuti izizire, ine ndikuyang'ana Shire n'kumalingalira nkhani yomwe ndikufuna ndikufunseni lero.

Ndi zinthu zingati m'dziko muno zomwe zikuyendabe pa tayimingi ya munthu wokhuta?

Pitani kuganyu mukaone. Mwini munda akuyeza ndime yomweyo ya chaka cha zokolola, ya m'mawa mpaka dzuwa paliwombo, kuti apereke mbale ya madeya. Wolimayo akalephera kumaliza, akuti ndi waulesi. Ndimeyo ndi yolondola, palibe wabera mnzake. Koma khasulo lagwiridwa ndi dzanja liti?

Kogula chimanga nako, lamulo lake ndi lachilungamo: woyamba kufika ndiye woyamba kulandira. Nanga woyamba kufika amakhala ndani? Ndi uja wadya dzulo, wa miyendo yothamanga ndi zigongono zokankhira anzake. Gogo amene chimangacho chikumufunikira koposa amafika chitseko chikutsekedwa. Mwana wochedwa kusukulu chifukwa amatola mango akupatsidwabe chibalo chosesa bwalo, ndipo maulaliki sanafupike ngakhale pang'ono, anthu akugwa ndi chizungulire pakati pa nyimbo.

Sindikunena kuti tifufute mzere. Mzere ndi wabwino, ndipo ine ndemwe ndimaukonda kuposa aliyense. Ndikungoti amene anaujambula anali atadya. Akuluakulu anati wamva m'mimba ndiye amatsekula chitseko, koma chaka chino wamva m'mimbayo alibe mphamvu yokankhira chitsekocho, ndipo ife tikumuyang'ana n'kumati chitseko chili bwinobwino.

Ku Balaka tinafika chimanga chitatsala chapansi, mwini wake akukung'untha kale matumba. Ananunkhiza matemba, anakangana ndi Che Dauda m'Chiyao mpaka thukuta, ndipo pamapeto tinamanga kathumba kathu kumbuyo kwa njinga. Mlamu wanga anakhala pamwamba pake ngati mkwati, akuimba njira yonse. Petulo anatithera tikuona mitengo ya kwathu, ndipo tinalowa m'mudzi tikukankha, tikusekabe. Tsiku limenelo ana anadya chakudya chenicheni, ndipo ine ndinatuluka panja kuti asaone kuti bambo wawo akulira.

M'mawa mwake ndinadzuka ndi mphamvu zachilendo. Ndinatenga sipanala ndi wailesi kuti ndibwezere tayimingi pamzere, pakuti zinkandiwawa kuisiya njinga yanga ili yokhota chotero. Abiti Sumani anandipeza nditagwada kale.

"Mukutani?"

"Ndikuikonza. Mwamuna wa chaka chatha uja wabwera."

"Isiyeni momwemo. Lachisanu akudzaibwereka a Mbewe oyandikana nafewa, akuti apite ndi mwana kuchipatala. Kwawo moto sunayake kuyambira Lamulungu."

Ndinabweza sipanala m'thumba. Njinga ili pakhonde mpaka lero, yochedwa moto, yaulesi, yolakwika malinga ndi mzere, ndipo a Mbewe anailiza ndi kuponda kumodzi.

Inuyo, pa zomwe zili m'manja mwanu, mwasunthako chiyani kuti mwendo wanjala usamenyedwe theche?