Alamu Anga Anakana Kupereka Magazi

Alamu anga, mlongo wawo wa malemu akazi anga, ndi amene anandilakwira, ndipo sindidzasiya kunena. Amagulitsa nyama pa Ntaja, ndiwonso mwini mbumba.

Chaka cha korona chija akazi anga anadwala kwathu ku Nkaya. Chifuwa, kutentha thupi, kenako kubanika. Ndinathamanga nawo kuchipatala ku Balaka, anawagoneka mutenti, paipi ya mpweya m'mphuno. Ine kulowa iyayi, ndimangoima kumpanda.

Tsiku lachitatu adokotala anandiitana. Akuti pali njira imene akuyesa. Munthu amene anadwala nthenda yomweyi n'kuchira amamutenga magazi, n'kupatula madzi ake achikasu, n'kumuika wodwala. Akuti m'madzimo mumatsala asilikali amene anagonjetsa nthendayo. Sanandinamize, anati mwina zithandiza, mwina ayi. Koma pamafunika munthu wokhala ndi pepala losonyeza kuti anamupeza nayo, ndipo msanga.

Ine ndimadziwa mmodzi, alamu omwewo. Anadwala mwezi wam'mbuyo mwake, anawayeza n'kuwapatsa pepala lotero, ndipo akazi anga ndi amene anapita kukawasamalira mobisa, kumawafukiza masamba a bulugamu. Atabwerako ndi pamene anayamba kutsokomola.

Ndinakwera minibasi mpaka Liwonde, ina mpaka Ntaja. Ndinawapeza akudula mbuzi.

"Alamu, tiyeni, mlongo wanu akubanika. Tengani pepala lija."

Anayang'ana makasitomala n'kutsitsa mawu. "Pepala lanji? Anga aja anali malungo."

"Malungo? Nanga ankakufukizani ndani?"

"Mukufuna anthu athawe nyama yanga eti? Ndiponso magaziwo mukudziwa kumene amapita nawo? Tachokani apa!"

Ndinagwada m'matope, ine munthu waimvi. Iwo kumangoyeza nyama pasikelo.

Ndinabwerera ndekha. Patatha masiku awiri akazi anga anatisiya. Sindikunena kuti madziwo akanawachiritsa, ine si dokotala, sukulu ndinalekeza sitandade faifi. Koma kuyesa komwe sitinayese.

Ndiye pamaliro munthu yemweyo anaimirira ngati mwini mbumba, kuuza khamu lonse kuti ine ndinathamangira kuchipatala osafunsa akuchikazi, n'chifukwa chake mlongo wawo anafera m'manja mwa alendo. Mpaka lero ana anga akapita ku Ntaja amauzidwa zimenezo, ndipo mwana wanga wamkazi woyamba salowanso m'nyumba mwanga.

Alamu, chipepeso sindikuchifuna. Muitanitse mbumba yonse, ana anga akhale kutsogolo, munene ndi pakamwa panu kuti munadwala korona, ndinabwera kudzakutengani, inu munakana.