Phazi la Mphatso

Ndinali ndi zaka makumi awiri, ndipo ndinkadziona ngati ndine ndekha ndinabadwa ndi maso. Ndinakulira ku Zomba, kufupi ndi nyumba za apolisi, ndipo kuyambira ndili kamtsikana ndinkanena kuti ndidzakhala wofufuza milandu. Sindinkafuna za yunifolomu ndi kuimitsa magalimoto pamsewu ayi. Ndinkafuna kukhala uja wovala zawamba, amene amalowa m'nyumba momwe mwachitika zoopsa n'kuona zimene ena onse aziphonya. Anzanga ankandiseka, amvekere wapolisi wanji woopa mphemvu. Ine ndinkangoti mudzaona.

Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, malume anga a Kamwendo, amene ankagwira ntchito ku bungwe lina la mpingo ku Nairobi, ananditenga kuti ndikaphunzire zofufuza milandu pa koleji ina ya kumeneko. Tinkakhala m'fulati ya zipinda ziwiri ku Hurlingham, pamwamba pa shopu yosoka makatani. M'mawa uliwonse ndinkakwera matatu, timabasi tawo tija taphokoso mpaka mano kunjenjemera, buku lili pachifuwa. Cholinga changa chinali chimodzi: ndimalize, ndibwerere kwathu, ndikalowe chipolisi pepala lili m'manja.

Amene ankatiphunzitsa kalembedwe ka malipoti anali a Wekesa, bambo wachikulire wa ku Kenya komweko amene anapuma pantchito yofufuza milandu. Anali wamtali, wowonda, ndipo chala chawo cholozera chinali chopindika, moti akakuloza unkayamba wayang'ana mnzako wapambali. Anali ndi malamulo awiri amene ankabwereza mpaka tinkawayeserera akatuluka. Loyamba linali lakuti, lemba zimene waona, osati zimene ukuganiza. Lachiwiri linali lokhudza mbiri. Ankati pantchito imeneyi asanakulembe amakufufuza mpaka kwa agogo ako, ndipo dzina lako likangopezeka kamodzi m'buku la olakwa, ngakhale pa kanthu kochepa, khomo latsekeka basi.

Lamulo lachiwirilo linkandidyetsa nsima yosakoma m'chaka changa chachiwiri, chifukwa chitupa changa chokhalira m'dzikomo ngati wophunzira chinali chitatha. Malume anachedwa kupereka mafomu, anali pa ulendo wa kuntchito, ndipo pamene ankawapereka masiku anali atadutsa kale.

"Usadandaule, Thoko, chituluka," anandiuza. "Koma uziyenda mwakachetechete. Usachite chilichonse chokukumanitsa ndi apolisi."

Ndinamvera. Ndinkayenda ngati nkhuku yachilendo.

M'masiku amenewo ndi pamene a Wekesa anatitengera ku nyumba yachisoni, kuti tikaphunzire kulemba za mtembo wa munthu wosadziwika. Linali Lachiwiri m'mawa, kunja kuli dzuwa labwinobwino. Tinalipo ophunzira khumi ndi awiri. Ena anadzipaka mafuta a chimfine pansi pa mphuno, koma fungo la mankhwala a mmenemo linkadutsabe n'kukakhala pammero. Bambo wina wovala magambuti oyera anakoka kabati yachitsulo, ndipo kuzizira kunatuluka n'kutikwera m'miyendo.

Anali mayi wa zaka ngati makumi atatu. Anatiuza kuti anagundidwa ndi lole pa msewu wa ku Mombasa, cha ku Syokimau, kumene nthawi imeneyo kunali tchire ndi nyumba zapatalipatali. Analibe chiphaso chilichonse. Anali atagona mmenemo milungu iwiri popanda womufunsa, ndipo bamboyo anati akapanda kupezeka abale, adzaikidwa ndi boma m'dzenje limodzi ndi ena osadziwika.

Ndinayamba kulemba mwamatama, monga mwa nthawi zonse. Msinkhu, tsitsi loluka mizere isanu, dzino lakutsogolo lobenthuka. Kenako ndinaona timphini m'mbali mwa maso, titatu uku titatu uku, tofanana ndi timene amayi anga anatemedwa ali mtsikana chifukwa cha mutu. Koma ndinadziuza kuti mphini zili ponseponse.

Katundu wake anali m'jumbo. Munali chitenje, chipeso, nsapato imodzi yapulasitiki, ndi kapepala kamene anakapeza katamangidwa pamfundo ya kunsonga kwa chitenjecho, momwe amayi akwathu amamangira chinthu chimene sakufuna kutaya. A Wekesa anakatambasula pathebulo ndi chala chawo chopindika chija. Linali tsamba la m'kope la kusukulu. Pakati pake panali phazi la mwana, lojambulidwa pozunguliza bolopeni ya buluu, monga timachitira kwathu tikamatuma munthu nsapato. Pa kachala kakang'ono mzere unali utakhota, ndipo ndinadziwa kuti mwanayo anamva kunyerenyetsa n'kusuntha phazi. Mkati mwa phazimo munali mawu olembedwa ndi dzanja losazolowera kulemba:

"Achemwali, ili ndi phazi la Mphatso wanu. Mugule zokulirapo pang'ono, akukula msanga. Tonse tili bwino kuno ku Ntcheu."

Anzanga anaunjikana n'kumalota. Wina anati n'chilankhulo cha ku Rwanda, wina anati cha ku Congo. A Wekesa anatiyang'ana mmodzimmodzi.

"Alipo amene akuchidziwa chilankhulo chimenechi?"

Ndinadziwa kuti ndikayankha andipititsa kupolisi kukapereka sitetimenti. Fomu yake ndinkaidziwa pamtima, popeza tinali titaiyeserera kambirimbiri m'kalasi. Mzere woyamba dzina, wachiwiri dziko, wachitatu nambala ya pasipoti ndi chitupa. Ndinaona wapolisi akutsegula pasipoti yanga, ndinaona dzina langa likulowa m'buku lija, ndinaona zaka zonse zimene ndinauza anthu a ku Zomba kuti mudzaona. Ndinayang'ana nsapato zanga.

Potuluka, anzanga atatsogola, a Wekesa anandiimitsa pakhonde.

"Wewe, mtsikana wa ku Malawi. Chija si chakwanu?"

"Ayi, Mwalimu. Sindinachizindikire."

Anandiyang'ana kanthawi, kenako anangoti, "Sawa, chabwino," n'kupita.

Lipoti langa ndi limene linaposa onse. Ndinalemba zimene ndinaona, osati zimene ndinkadziwa, ndipo lamulo la aphunzitsi linandisandukira chobisalamo. Phazi lija ndinali nditalijambula m'kope langa ndendende, posanjika pepala pamwamba, pamodzi ndi mawu ake onse. A Wekesa anakweza lipotilo m'kalasi kuti ena aonereko. Anzanga anaomba m'manja.

Ndinadzilonjeza kuti chitupa chikangotuluka, tsiku lomwelo ndikanena. Ndinkati mtembo suthawa.

Koma mayi uja sanandisiye. Pamene ndinkatsikira matatu panali amayi ogulitsa kaunjika, amene kumeneko amati mitumba, ndipo ankayala tinsapato ta ana pamasaka, tiwiritiwiri, tomangidwa zingwe. Kale ndinkangodutsa. Tsopano maso anga, omwe aja ndinkanyada nawo, anayamba kuyeza okha: iyi yachepa, iyi ingakwane, iyi ndiye yokulirapo pang'ono. Tsiku lina ndinazindikira nditanyamula kansapato kofiira m'manja, wogulitsa akunditchulira mtengo, ine osadziwa kuti ndawerama liti.

Lamlungu likafika, Amalawi a ku Nairobi ankakonda kudzacheza kwa malume tikaweruka kutchalitchi. Mlungu wina anakambirana za mnzathu wina amene anamwalira chaka chapitacho, momwe anagonera pamaliro masiku atatu m'fulati yopanikiza, momwe anaperekezera bokosi mpaka ku bwalo la ndege. Mayi wina anati, "Kuno tilibe abale, abale ndife tomwe. Maliro n'kulirana." Ine ndinali nditagwira ketulo, ndikuwathirira tiyi. Chiganizo chimodzi chokha chikanakwana, ndipo anthu amenewo akanadzuka nthawi yomweyo, tiyi osamaliza. Ndinafunsa ngati wina akufuna shuga wowonjezera.

Lero ndikamaganiza, njira zinalipo zambiri. Ndikanauza malume. Ndikanalemba kalata yopanda dzina kupita ku ofesi ya kazembe wa dziko lathu. Koma mantha sakuonetsa njira, amangokuonetsa dzenje. Ndinkaopa kuti ndikangotsegula pakamwa, funso lotsatira likhala lakuti wadziwa bwanji, ndipo unali kuti masiku onsewa.

Chitupa chinatuluka patatha milungu isanu. Kuchokera ku ofesi ya zolowa ndi kutuluka sindinapite kunyumba, ndinakwera matatu kulunjika ku nyumba yachisoni, pasipoti ili m'manja ngati mwana wakhoza mayeso. Ndinapeza bambo wa magambuti uja akutsuka pansi. Ndinamukumbutsa za mayi wa ku Syokimau, ndi kuti ndikudziwa kwawo.

Anaimika chokolopera n'kupukusa mutu. "Pole, dada," anandipepesa m'Chiswahili. "Tinapita nawo kumanda Lachisanu."

Ndinafunsa za jumbo ija. Anati inapita naye limodzi.

Akuluakulu anati zengerezu adalinda kwawukwawu. Koma m'mwambimo amene amakwawa ndi wozengereza mwiniwake. Kwa ine amene analipira anali wina.

Mawa lake ndinapita ku kaofesi ka a Wekesa n'kuwauza zonse, za chitupa, za bodza la pakhonde, ndi tanthauzo la mawu a m'phazi muja. Anamvetsera osandidula. Nditamaliza anatembenukira pawindo.

"Ndinadziwa tsiku lomwelo," anatero. "Anzako ankaliyang'ana pepalalo. Iwe unkaliwerenga. Milomo yako inkayenda."

Ndinafuna pansi patang'ambika.

"Ndinafunsa kawiri, kawiri konse unandibisira. Ndinati ndikupatse nthawi, ubwera wekha. Pamenepo ndinalakwa ndine, ndikanalitenga pepalalo n'kukafunsa Mmalawi wina. Ndiye mayi ameneyu tamutaya tonse awiri." Anandiloza ndi chala chija, ndipo ulendo uno sindinayang'ane pambali. "Ukanangondinong'oneza za chitupa, ndikanapita ndekha ndi mawu ako, dzina lako osatuluka. Koma usadandaule. Mbiri yako ndi yoyera. Yenda nayo."

Sanandikalipire, ndipo malikisi anga sanawachotse. Ndikanakonda akanandimenya mbama.

Malume ndinawauza madzulo a tsiku lomwelo. Anavula magalasi n'kuwaika pathebulo pang'onopang'ono.

"Iwe Thoko, mwana wa eni ake waikidwa ngati galu, iwe uli pompano ukutithirira tiyi?"

Ndinagwada pansi, ndikulira. Patapita kanthawi ndinamva akupuma mozama.

"Dzuka. Amene ndinakuuza kuti ukhale chete ndine."

Loweruka lotsatira tinapita ku manda a boma, anthu asanu ndi awiri. Wosamalira manda anatilozera malo aakulu a dothi lofiira lokumbidwa chatsopano, opanda mtanda, opanda nkhata. Sitinadziwe poima. Mayi uja wa maliro n'kulirana anayambitsa nyimbo yakwathu, ndipo tinaimba ndime ziwiri mphepo ikutiuluzira fumbi m'maso. Malume popemphera anafika poti atchule dzina la malemu, n'kuima. Kenako anati, "mayi a Mphatso."

Tinafunsafunsa. Wina anati anamvapo za mayi wa ku Ntcheu amene ankagwira ntchito ya m'nyumba ku Karen, dera la anthu olemera mu Nairobi momwemo, wina anati mwina anali wa geni wongodutsa. Malume analemba makalata ku mipingo ingapo ya ku Ntcheu kuti alengeze. Koma ungalengeze bwanji munthu wopanda dzina, wopanda mudzi, wopanda mfumu? Yankho silinabwere.

Ndinamaliza maphunziro, ndinabwerera kwathu, ndipo ntchito ija ndinaipeza. Anandifufuzadi mpaka kwa agogo anga, monga ananenera a Wekesa, osapeza kanthu. Ndagwira zaka zambiri, ndipo achinyamata amene ndawaphunzitsa amandinena kuti ndine wovuta, chifukwa mtembo wosadziwika ukafika sindilola kapepala kalikonse kulowa m'jumbo tisanapeze munthu woti akawerenge mokweza, tsiku lomwelo, osati mawa. Sadziwa chifukwa chake.

Kope lija ndikadali nalo. Ntchito ikandipititsa ku Ntcheu, ndikamva wina akuitana Mphatso pamsika, ndimatembenuka. A Mphatso ndi ambiri, ndipo sindidziwa n'komwe ngati wanga ndi mwamuna kapena mkazi. Angapo ndawafunsapo za amayi awo, n'kumandiyang'ana ngati wamisala.

Chimene ndikumvetsa tsopano n'chakuti mbiri ya munthu si ija imalembedwa m'mabuku a boma. Yanga ya m'mabuku ndi yoyera mpaka lero, ndipo ndinaigula ndi dzina la munthu wina. Kwinakwake kuli munthu wamkulu, mwina ali ndi ana akeake, amene anadikira nsapato mpaka phazi linaposa pepala, ndipo anakula akumva anthu akunena kuti amayi ake anapita ku Kenya n'kumuiwala. Sanamuiwale. Anafa atamanga phazi lake pamfundo ya chitenje. Ndinaliona ndi maso angawa, ndinaliwerenga, ndipo tsiku limene mawu anga akanafika ku Ntcheu, ndinayang'ana nsapato zanga.