Simenti ya a Sefa

Pamzere wa nyumba zathu za lendi, khomo loyang'anana ndi mpopi, pamakhala bambo amene tonse timangowatcha a Sefa. Dzina lenileni ali nalo, koma ngakhale akazi awo akapsa mtima amaitana la Sefa lomweli. Ntchito yawo ndi yosefa mchenga kumene anthu akumanga. Anayamba tsitsi lili thoo, pano dazi lafika kunkhongo, fosholo ikadali m'manja.

Kudzitama kwawo n'kumodzi: ati palibe zosakanikirana zomwe iwo sangazilekanitse. Ndipo tisawanamizire, amatha. Misomali ya kalipentala itatayikira mu utuchi, anaitola ndi maginito a wailesi yakufa. Mchere wa mayi wapagolosale utakhuthukira mumchenga, anausungunula m'madzi, kusefa ndi kansalu, kuyanika palata, mchere uja mbee! Ngakhale ndewu ya pampopi amailowerera, ati anthunso ngosefeka.

Akazi awo zonsezi analibe nazo ntchito, iwo ankangofuna kuchoka pa lendi. Malo analipo, kutali uko komwe minibasi imatembenukira, njerwa zinalipo, chosowa simenti. Ndiye a Sefa akapata kaganyu konona ankagula thumba limodzi n'kulisanja kuchipinda, kumutu kwa bedi. Zaka zinkapita, mulu ukukwera. Mlendo akafika ankayamba waonetsedwa matumba, mpando pambuyo.

Chomwe anaiwala n'chakuti kuseri kwa khoma la kumutu kwa bedilo kuli bafa la tonsefe. Ndipo ena pamzere pano, sinditchula maina, amasamba ngati akutsuka lole.

Tsiku limene mmisiri womanga anabwera kudzatenga simentiyo, thumba lapamwamba linakana kupindika. Analimenya chibakera, chibakera n'kubwerera chokha. Linzake chimodzimodzi, mpaka lapansi. Miyala yovala mapepala.

"Mtima m'malo, mayi," a Sefa anauza akazi awo. "Angolowamo ndi madzi. Tiwachotsa."

Anagubuduzira matumbawo panja n'kuwayanika padzuwa ngati mabulangete. Kenako inabwera hamala. Kuswa, kupera, kusefa, fumbi mpaka m'mbale zathu.

Mchimwene wa mkaziyo amaphunzitsa sayansi kusekondale. Anabwera bolopeni ili pachifuwa, anaima n'kumayang'ana mlamu wake atayera ngati mzukwa.

"Alamu, lekani. Mchenga ndi miyala zimangogundana mapewa ngati anthu a lendi, n'chifukwa chake sefa imazilekanitsa. Koma simenti ikakumana ndi madzi, tinthu take tating'onoting'ono, maatomu, timagwirana n'kupanga chinthu china chatsopano. Madziwo salinso madzi ayi."

"Nanga apita kuti?"

"Ali momwemo, koma asanduka mwalawo."

"Ngati ali momwemo atuluka basi. Inu ndinu ophunzira, tchulani mankhwala ake ndikagule."

"Kulibe, alamu. Dzuwa silingathe, hamala singathe."

"Achimwene," anatero mlongo wawo ali pakhomo, "sukulu yonse ija mwabwera kudzatiuza dzina la matenda wodwala atafa kale?"

Aphunzitsi anavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta, chonsecho anali oyera.

A Sefa sanagonje. Fumbi lawo losefedwa bwino lija analisakaniza ndi mchenga ndi madzi, n'kuumba kanjerwa koyesera pakhonde. Kutacha, tonse tinapezeka kuti tili ndi zochita pafupi ndi khonde limenelo, wina kutsuka mbale zotsuka kale. Akazi awo anatuluka ndi tsache. Anangokagunda ndi chala chakuphazi. Kanjerwa kaja phwasu!

A Sefa ananyonyomala n'kumafikisa mchengawo m'zala, ngati pali china choti atolemo. Kenako anadzuka, kunyamula sefa yawo, ulendo kuntchito, kukasefera nyumba za eni.

Matumba otsalawo pano anandandalikidwa kuchokera pakhomo pawo kukafika pampopi. Mvula ikagwa tonse timaponda pamenepo, ndipo nsapato zathu zinaiwala matope. Akazi awo okha ndi amene sapondapo. Amalambalala, ndowa ili pamutu, n'kudutsa m'matope momwemo.