Njira Yowerenga ndi Mapazi

Anzawo pantchito ankawatchula kuti a Levulo, chifukwa bambowa akanatha kuiwala nsapato kunyumba, koma osati levulo yawo yopimira kuwongoka kwa pansi. Anayamba kuyala matailosi ndevu zisanamere, ndipo pofika imvi anali atayala m'mabafa, m'makhonde ndi m'masitolo osawerengeka. Akazi awo ankadandaula kuti bambowa akalowa m'nyumba ya eni amayamba apenda pansi, moni pambuyo. Chinthu chokhota chinkawadwalitsa mutu.

Litabwera lamulo loti njira za oyenda pansi zikonzedwe moganizira anthu aulumali, kampani yawo inapatsidwa njira yodutsa pasukulu ina. Lole inatsitsa matailosi achikasu a mitundu iwiri: ena a mizere, ena a timatuza, amene amisiri anangowatcha a ziphuphu. Kapitawo anathamangira kwina, pepala la malangizo lili m'thumba. A Levulo anatembenuza matailosi aja uku ndi uku, n'kutsimikiza kuti ndi okongoletsa. Ndiye anakongoletsadi! A ziphuphu anawamwaza apa ndi apo ngati maluwa a pansalu, a mizere n'kuwayendetsa mowongoka mpaka kukagwera mumsewu wa magalimoto.

M'mawa mwake, akuchotsa zotchinga njirayo, anaona bambo wa jekete ndi tayi akubwera, ndodo yoyera ili patsogolo. Anali mphunzitsi wa pasukulupo, munthu wosaona. Ndodo itangokhudza mizere ija, nkhope yake inawala, iye n'kuwonjezera liwiro. Kutsogolo kwake malole anali kudutsa.

A Levulo anataya zonse n'kuliyatsa liwiro. Anamugwira jekete phazi litatsala pang'ono kutsikira mumsewu.

"Aphunzitsi, imani! Kuno n'kumsewu!"

"Kumsewu? Nanga pansipa pakundiuziranji kuti ndizipita?"

"Pansi pakukuuzani?"

Mphunzitsi uja anaseka.

"Achimwene, ndinu mwayala izi? Dzanja muli nalo, sindinapunthwe paliponse. Koma mwalemba bodza. Mizere imati yenda, timatuza timati ima. Kumbuyoku mwandiimitsa popanda chifukwa, pano pofunika kundiimitsa mwangoti zii."

A Levulo anachita mantha, komanso anagoma. Moyo wawo wonse ankayala zoti maso aone, osadziwa kuti pansi pamawerengedwa, ndiponso kuti alipo anthu amene amakhulupirira dzanja la mmisiri amene sanakumanepo naye, mpaka kuika moyo wawo pamenepo.

Anabwezera zotchinga, n'kuyamba kugumula ntchito yawo yomwe. Kapitawo atafika, a Levulo anamulanda pepala lija, n'kumuuza awerenge mokweza. Atamaliza kuyalanso anavula nsapato, natsinzina, n'kuyamba kuyenda pamizerepo manja ali kumbuyo.

"Madala, mwayamba kuyenda m'tulo masana ano?" anakuwa mmisiri mnzawo, ena onse n'kufa nazo.

Posakhalitsa mphumi inakumana ndi mtengo wa magetsi, pho! Anzawo anachita kugwira nthiti. Koma a Levulo, akusisita chotupacho, anangoti, "Bola mphumi yanga, osati ya aphunzitsi." Mzerewo unadutsa pafupi kwambiri ndi mtengo, ndipo anausendezera pambali. Kuyambira pamenepo sapereka ntchito asanaiyende chotsinzina, ngakhale dzuwa litatentha matailosi chotani.

Tsiku lotsegula njirayo analawirira kukaima m'mphepete mwa msewu. Mumtima anati sayankhula, koma manja anawatambasula kale, okonzeka kugwira. Mphunzitsi uja anatulukira, ndipo sanachepetse liwiro ngakhale pang'ono, ngati kuti pansi pomwepa sipanamunamizepo. Ankaimba kanyimbo chapansipansi. Kumanja basi inali kubwera itadzaza, ikulira. Mizere inatha, nsapato ya mphunzitsi inaponda timatuza, ndipo munthuyo anaima njii.

Basi inadutsa, mphepo yake n'kuulutsa tayi. Mphunzitsi anatchera khutu uku ndi uku, kenako anawoloka ndi kanyimbo kake, osadziwa n'komwe kuti pambali pake panali munthu. A Levulo anatsala chiimire, manja ali chitambasulire, misozi ikutsikira m'ndevu.