Nkhosa ya Khutu la Inki

Ubweya ukakhalitsa m'bokosi umakhala ndi fungo lakelake, losakanikirana ndi la sopo ndi mankhwala a njenjete. Mpaka lero ndikalimva ndimangopezeka ndili ku Kapata, m'kanyumba kathu ka zipinda ziwiri, nthawi ya Chitaganya, tauni yathu ikutchedwabe Fort Jameson. Inali nyengo yozizira. Mphepo inkatsika m'mapiri m'mawa n'kutisiya milomo itasweka, miyendo ili mbuu, ndipo madzulo utsi wa lupsa unkakuta komboni yonse. Ine ndinali ndisanayambe sukulu, mano akutsogolo atangoguluka kumene.

Chaka chimenecho, mvula ikutha, atate anamwalira. Paja chakudza sichiimba ng'oma. Anali kalaliki wa pa boma, munthu wosadwaladwala, koma chibayo chinawatenga tikuona. Zovala zawo zonse zinatsekeredwa m'bokosi lachitsulo, kudikira atate aakulu, mkulu wawo wa ku Chiparamba, amene anati akakolola adzabwera kudzagawa katundu. Mwambo wake unali woti za mwamuna n'za kwawo kwa mwamuna. Mkazi wamasiye sankayenera kutapapo ngakhale kampango. Wobisa kanthu ankatchedwa wakuba, ndipo a pakamwa ankafika ponong'ona kuti akudziwapo kanthu pa imfa ya mwamuna wake.

M'bokosimo munali juzi woyera ngati mkaka, wa ubweya weniweni. Anamuluka ndi amayi, amene anaphunzira kuluka ali mtsikana ku mishoni ya Tamanda. Pamkono wamanja panali banga la inki yomwe inatayikira atate ku ofesi, ndipo linakana sopo aliyense. Atate ankalitcha chidindo cha boma. Komboni yonse inkamudziwa juziyo, ndipo atate aakulu anali atanena kale pamaliro kuti adzavala ndi iwo, poti kwawo kumazizira koopsa.

Tsiku lina masana amayi anakankha chitseko, kusiya kampata kolowera kuwala, n'kutsegula bokosi lija. Anatulutsa juzi, namuyala pamiyendo, n'kudula kamodzi kokha ndi lumo. Kenako anayamba kukoka ulusi. Ndinayasama kukamwa. Ine ndinkayesa kuti chovala ndi chinthu chimodzi, ngati mbale kapena khasu, koma apa ndinaona juzi wa atate akusungunuka mzere ndi mzere, khosi kuchoka, phewa kuchoka, zonse n'kusanduka chingwe chimodzi chosatha. Ulusiwo unkatuluka wopotanapotana, ngati ukukumbukirabe pamene unagona.

"Esinati," anatero amayi, "ubweya uwu anaumeta kwa nkhosa. Tiubwezere kwa mwini wake."

Nkhosa zomwe ndinkazidziwa ine zinali zathu zija za mchira wonona, zaubweya waufupi ngati mbuzi. Amayi anati kutsidya kwa nyanja kuli zina zovala ubweya wopotana, ngati ija yanyamulidwa paphewa pa chithunzi cha m'tchalitchi. Ndinasokonezeka mutu. Ndiye kuti zaka zonsezi atate ankapita ku ntchito atavala nkhosa, ife osadziwa!

Masana aliwonse masingano aatali olukira ankalira tcheketcheke pakampata paja. Miyendo ndi imene inayamba, timatumba tating'ono tokwana chala. Thupi ndilo linali lodabwitsa. Amayi ankakulunga ulusi pachala asanaukole, ndiye pamsana pankamera timalupu tothinana, mpaka chinthucho chinachita ubweya ngati chamoyo. Ulusiwo sanauviike kuti uwongoke monga ankachitira ndi wina, anati kupotanako n'kumene kukufunika. Ntchito yanga inali kuchotsa njere mu thonje loikamo, ndipo ndinkaigwira mwaulemu ngati ndili m'kalasi la ubatizo. Ku Sande sukulu anatiphunzitsa kuti Mulungu yekha ndiye amalenga nyama. Ine ndinkayang'ana zala za amayi, zokhakhala ndi kuchapa, n'kumachita mantha pang'ono kukhala nawo pafupi.

Ulusi wa pamkono wamanja, wamawangamawanga a inki, anaukulunga pawokha n'kuuika pambali. Ndinkayesa autaya. Koma tsiku lomaliza, atasokerera mabatani awiri akuda kukhala maso, anatenga kampukutu kaja n'kulukira khutu limodzi. Nkhosa inaima pa mphasa ndi miyendo yake, yoyera yonse, khutu limodzi lobiriwira moderapo, n'kumandiyang'ana.

Palibe amene akanandiuza kuti si yamoyo. M'mawa ndinkaipeza ili yofunda. Ndikaika mphuno pamsana pake ndinkamva atate, thukuta lawo ndi sopo wawo, ngati angondinyamula kumene pochokera ku ntchito. Amayi anandiletsa kutuluka nayo panja, ndipo kwa ine, amene ndinali ndi pakamwa kuposa ana onse a mumzere wathu wa nyumba, chimenecho chinali chilango chachikulu.

Atate aakulu anafika pa njinga tsiku lina lamphepo, atavala malaya opyapyala, limodzi ndi azakhali. Anali munthu wamtali, wosaseka wamba, mlimi wa fodya wa zikhatho zong'aluka. Katundu anayalidwa pabwalo, jekete, nsapato, chipewa, mabulukwe, ndipo oyandikana nawo anayamba kupeza zifukwa zosesera pakhomo. Ine ndinkasuzumira pazenera, nkhosa ili m'khwapa. Atate aakulu anatembenuza zovala zonse, kenako anadzutsa mutu.

"Mlamu, juzi uja ali kuti?"

Amayi anali atagwada, maso ali pansi. Ndinkayembekeza kuti anena kuti njenjete zinamudya. Koma anatembenukira kunyumba.

"Esinati, bwera nayo."

Ndinatuluka nayo. Azakhali anaomba m'manja kamodzi n'kuyamba kunena kuti zoterezi sanazionepo, munthu kuphwasula chovala cha malemu abale asanachione. Atate aakulu anailandira nkhosa ndi manja awiri, naitembenuza pang'onopang'ono, timalupu tija tikukodwa m'ming'alu ya zala zawo. Atafika pa khutu anaima. Analisisita ndi chala chachikulu, kenako munthu wamkulu uja anaika nkhope yake yonse pamsana pa chidole, n'kukhala choncho nthawi yaitali, mapewa akugwedezeka. Ndinali ndisanaonepo mwamuna akulira popanda mawu.

"Ife tabwera kudzagawa zovala," anatero potsiriza. "Ziweto za mwana sitigawa."

Anandibwezera, nati ndiziidyetsa bwino ingaonde. Jekete anapatsidwa mng'ono wawo wina, chipewa msuweni, ndipo dzuwa litapendeka atate aakulu anapalasa njinga kubwerera ku Chiparamba ndi malaya awo omwe aja, mphepo ikuwakupiza kumsana. Ine ndinathamangira kuseri kwa nyumba kukazula udzu, poti munthu wamkulu anali atatsimikiza pagulu zomwe ndinkadziwa kale, kuti nkhosa yanga imadya.

Pa nthawiyo chozizwitsa kwa ine chinali chakuti amayi alenga nyama ndi timitengo tiwiri. Nditakula ndinaphunzira kuluka, ndipo ndinaona kuti timalupu tija n'tosavuta, mtsikana aliyense angatithe. Chimene chimandizizwitsa lero ndi khutu lija. Ulusi woyera unatsala wambiri. Amayi akanataya wa inki uja kudzala, palibe akanadziwa kumene nkhosa inachokera, ndipo mlandu ukanagwera njenjete. Koma sanafune kuba mwamuna wawo, anafuna kumupempha kwa abale ake, ndipo poti mkazi wamasiye analibe pakamwa, anapempha ndi khutu lija. Nawonso atate aakulu anamva pempholo n'kusankha kuzizidwa.

Nkhosayo ndikadali nayo. Fungo linatha kalekale, diso limodzi ndi batani la malaya a mwamuna wanga, ndipo timalupu tinaphwa. Adzukulu anga amati khutu lake ndi lakuda, tilichape. Ndimawauza kuti alisiye, sopo analephera kale.